Kodi Ndani Ayenera Kusamuka Kuti Ife Tiyatse Getsi?

Ambiri mwa ife tikayatsa getsi sitiganiza za mtsinje. Chonsecho magetsi ambiri amene timagwiritsa ntchito m'Malawi muno amapangidwa ndi madzi a Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Madziwo akamaliza kuzunguza makina sathera pomwepo. Amatsikira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, n'kudutsa malire, n'kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Pofika pamenepo mtsinje wa Zambezi umakhala utayenda kale ulendo wautali kuchokera pa kasupe wake kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, kudzera mu Angola, pa mathithi a Victoria Falls, pa damu la Kariba ndi pa damu la Cahora Bassa. Mvula yogwa m'mayiko 8 imathera mu mtsinje umodzi womwewu: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Kamtsinje kamene timachapako zovala ku Dedza kapena ku Rumphi nako kali pa ulendo wopita komweko.

Pa mitsinje imeneyi pali mapulani a madamu ena. Zambia ndi Zimbabwe akufuna kumanga pa Batoka Gorge, kumunsi kwa Victoria Falls, damu lopanga mamegawati 2,400. Mozambique ikukonza la Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa. Ife tili ndi la Mpatamanga pa Shire, la mamegawati oposa 350, komanso mapulani amene tikuchitira limodzi ndi Tanzania pa mtsinje wa Songwe. Akatswiri adzawerengera za simenti, za ngongole ndi za kuchuluka kwa madzi. Ife m'gulu lathu lophunzira tifunse funso lina, limene silifuna digiri: kodi n'chilungamo kuti anthu ochepa ataye minda, manda a makolo ndi malo owedza nsomba kuti anthu ambiri apeze magetsi? Ngati nthawi zina n'koyenera, agamule ndani, ndipo agamule motani, poti mtsinjewo si wa dziko limodzi?

Tisathamangire kuyankha kuti madamu ndi oipa. Kusowa kwa magetsi nako kuli ndi anthu amene kumawapweteka, kungoti iwo sajambulidwa. Ndi mzamba amene akuthandiza mayi wapakati usiku akuunikira ndi foni. Ndi mnyamata wowotcherera zitsulo amene waswera tsiku lonse manja ali m'thumba, ndi mwini chigayo amene akugula dizilo wodula n'kukweza mtengo wogayitsira. Ndi mapiri athu amene atha mitengo chifukwa m'tauni tikuphikira makala. Munthu wonena kuti pasamangidwe kanthu nayenso wasankha amene avutike. Choncho funso lathu ndi lenileni, ndipo mbali zonse ziwiri kuli anthu.

Kuti tisamangolankhula m'malere, tiyeni tione zimene zinachitika pa Kariba. Damuli linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959, m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo amuna ambiri ochokera kwathu kuno anakakhetsako thukuta. Khoma lake ndi lalitali mamita 128. Nyanja imene linapanga ndi yotalika makilomita oposa 200, ndipo mwa nyanja zonse zopangidwa ndi anthu palibe yosunga madzi ambiri kuposa iyo. Magetsi ake anapita ku migodi ya kopa ya ku Copperbelt ndi ku mafakitale a ku Bulawayo ndi ku Salisbury, imene lero ndi Harare. Pansi pa madziwo pali mabwinja a anthu pafupifupi 57,000, Atonga a m'chigwa cha Gwembe (awa ndi mtundu wina, osati Atonga a ku Nkhata Bay). Iwowa ankalima kawiri pa chaka: nthawi ya mvula, komanso m'chilimwe pa nthaka yachonde imene mtsinje unkasiya madzi akaphwa. Abale ankakhala tsidya lino ndi tsidya lina, ndipo ankawoloka pa bwato kukakwatira, kukalira maliro, kukapempha mbewu.

Anthuwa sanafunsidwe, anangouzidwa. Mafumu anaitanidwa kukamva chigamulo chimene chinali chitapangidwa kale kutali. Ambiri sanakhulupirire kuti munthu angatseke Zambezi, ndipo ena anaganiza kuti ndi nzeru ya azungu yofuna kuwalanda malo. Mu Seputembala 1958, pa mudzi wa Chisamu m'dera la Mfumu Chipepo, amuna amene anakana kukwera malole anakumana ndi apolisi onyamula mfuti, iwo ali ndi mikondo ndi zibonga. Anthu 8 anaphedwa. Otsalawo anatengedwa kupita ku Lusitu, malo achilendo a madzi osowa, kumene ambiri, makamaka ana, anamwalira ndi matenda m'miyezi yoyambirira. Pa nthawi yomweyo anthu a m'mayiko akutali ankawerenga m'nyuzipepala za Operation Noah, ntchito yopulumutsa nyama pafupifupi 6,000 zimene zinatsekeredwa pa zilumba madzi akukwera. Kupulumutsa nyamazo sikunali kulakwa. Koma n'zomvetsa chisoni kuti nkhani ya agwape inamveka kuposa ya anthu.

Timadziwa zambiri za zimene zinatsatira chifukwa akatswiri awiri, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anayamba kukhala ndi anthuwa mu 1956 mtsinje usanatsekedwe, ndipo anapitiriza kuwayendera kwa zaka makumi angapo. Anaona minda ikuguga msanga chifukwa nthaka ya kumtunda inali yosalimba ndipo anthu anali atapanikizana. Anaona njala ikubwera pafupipafupi, ndi mabanja atalekanitsidwa ndi nyanja imene pambuyo pake inasanduka malire a mayiko awiri. Nthambo za magetsi zinkadutsa pamwamba pa midzi yopanda getsi ngakhale limodzi. Thumba lapadera lothandiza madera a osamutsidwawo linadzakhazikitsidwa patapita zaka pafupifupi 40. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo zidzukulu za ku Gwembe ndi ku Binga zikuukambabe.

Amene anamanga Kariba anali ndi mfundo yawo. Ankawerengera chonchi: mbali iyi kuli anthu 57,000, mbali inayo kuli chuma cha mayiko ndi anthu mamiliyoni, ndiye chachikulu chipambane. Masamu amenewa timawamvabe lero, ndipo amakopa chifukwa amaoneka ngati osakondera. Nanga ife tikuwaona bwanji?

Bahá'u'lláh, m'kalata imene analembera Mfumukazi Victoria, anayerekeza dziko lapansi ndi thupi la munthu. Wina angatenge fanizoli n'kunena kuti munthu amalola kudulidwa chala kuti akhale ndi moyo, choncho Atonga anali chala. Kumeneko n'kulipotoza. Dokotala amadula chala chimene chawola. Sadula chala chabwinobwino n'cholinga choti dzanja linalo linenepe. Ndiponso m'thupi lamoyo chala chikapsa mutu umadziwa nthawi yomweyo, ndipo usiku umenewo thupi lonse siligona. Thupi limene silimva kuti chiwalo chake chili pamoto ndi thupi lodwala. Pa Kariba mutu sunamve. Umodzi wa mtundu wa anthu, umene ndi phata la chiphunzitso chathu, sutilola kuona anthu ngati manambala oti tiphatikize kuno n'kuchotsera uko. Phindu limene lapezeka pogwetsera ena mu umphawi silinafike pokhala phindu la thupi lonse.

Apa pali kusiyana kumene tiyenera kukugwiritsitsa. M'maphunziro athu timakamba kawirikawiri za kudzipereka, kusiya chinthu chimene timachikonda chifukwa cha china chachikulu. Timayamikira munthu amene wapereka munda wake kuti pamangidwe sukulu. Koma munda womwewo ukalandidwa mokakamiza, sukulu n'kumangidwa yomweyo, ana n'kumaphunziramo chimodzimodzi, tonse timadziwa kuti pachitika china. Nsembe imakhala nsembe ngati mwiniwake waipereka akudziwa chimene akupereka, akudziwa chifukwa chake, ndiponso ali ndi gawo m'chimene chidzatulukepo. Palibe amene angapereke nsembe ya mnzake. Mudzi ukhoza kuvomera kusamuka kuti dziko lipeze magetsi, ndipo kuvomera koteroko n'kolemekezeka kwambiri. Udindo wa otsogolera ndi kukonza zinthu kuti kuvomerako kutheke. Anene zoona zonse. Apereke malo amene angadyetse banja monga ankachitira akale aja, kapena kuposa. Alemekeze manda. Aonetsetse kuti osamukawo ali m'gulu la oyamba kudya zipatso za damulo, kuyambira getsi la pakhomo pawo. Chipukutamisozi cha ndalama zolandira kamodzi sichikwana, pakuti ndalama imatha m'chaka chimodzi pamene dimba linkadyetsa mibadwo.

Osamutsidwa amaoneka, ndipo amawerengeka. Pali ena amene damu limawalanda osawasuntha pakhomo. Damu la Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete, linamangidwa ndi Apwitikizi kuyambira 1969, ndipo linatseka mtsinje mu 1974 iwo atatsala pang'ono kuchoka. Limapanga mamegawati 2,075, ndipo kuyambira pachiyambi magetsi ambiri anali ogulitsa ku South Africa kudzera pa nthambo za makilomita pafupifupi 1,400. Dziko la Mozambique linalandira ufulu mu 1975, koma linadzakhala mwini wamkulu wa damuli mu 2007. Nalonso linasamutsa anthu zikwi makumi angapo. Koma kumunsi kwake, mpaka kumene mtsinje umathira m'nyanja yamchere, kuli alimi ndi asodzi zikwi mazanamazana, ambiri a iwo Asena, abale a anzathu a ku Nsanje. Kwa iwowa kusefukira kwa chaka ndi chaka sikunali tsoka. Kunkabweretsa nthaka yatsopano, kunkadzaza mathamanda momwe nsomba zimaswana, kunkatsitsimutsa msipu wa njati za ku Marromeu ndi nkhalango za m'mphepete mwa nyanja momwe nkhanu ndi tinsomba timakulira. Damu litayamba kusunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa molingana ndi kufunika kwa magetsi, nyengo za mtsinje zinasokonekera. Madzi ankatha kubwera m'chilimwe n'kukokolola madimba mbewu zitatsala pang'ono kucha. Anthu amenewa sanalembedwe pa mndandanda wa okhudzidwa, chifukwa nyumba zawo sizinamire.

Ndiye tikamakamba za damu, mawu oti "ife" amafika pati? Kwa womanga amafika pa mzere umene madzi adzalekezere. Kwa nduna amafika pa malire a dziko. Madzi sadziwa mizere yonseyi. Zitseko zikatsegulidwa pa Kariba zimamveka pa Cahora Bassa, ndipo za pa Cahora Bassa zimamveka ku Tete, ku Mutarara ndi ku Caia. Mtsinje wa Zambezi ukadzaza kwambiri, Shire umalephera kuthira bwino madzi ake, ndipo madziwo amadikha n'kufalikira cha ku Nsanje. Wofuna kulamulira mtsinje mwachilungamo ayenera kuganiza ndi "ife" wofika paliponse pamene madzi afika.

Mayiko ayamba kuphunzira zimenezi, ngakhale mochedwa. Mu 1997 bungwe la United Nations linavomereza pangano la mitsinje yodutsa m'mayiko angapo. Mfundo zake zikuluzikulu n'zakuti dziko lililonse ligwiritse ntchito madzi mwachilungamo ndi mosapyola muyeso, lisavulaze anzake, ndipo liwadziwitse lisanayambe ntchito yaikulu. Mayiko a SADC anakonzanso pangano lawo lofanana nalo mu 2000. Mu 2004, ku Kasane m'dziko la Botswana, kunasainidwa pangano lokhazikitsa ZAMCOM, bungwe la mayiko onse amene madzi awo amathira mu Zambezi. Panganolo linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo ofesi ya bungweli ili ku Harare. Dziko la Zambia, kumene kumachokera gawo lalikulu la madzi a mtsinjewu, linazengereza kwa zaka zingapo lisanalowe. Tisaliweruze msanga. Wa kumtunda nthawi zonse amaopa kuti pangano lidzamumanga manja, ndipo wa kumunsi amaopa kuti popanda pangano adzamwa zotsala. Mantha onsewa ndi omveka, ndipo sachoka ndi siginecha. Amachoka pang'onopang'ono, mayiko akamauzana zoona za mvula imene yagwa, madzi amene asunga ndi tsiku limene adzatsegule zitseko, n'kupeza chaka ndi chaka kuti mnzawo sananame.

Kukhulupirika kumayesedwa madzi akachepa. Damu la Kariba limayang'aniridwa ndi Zambezi River Authority, bungwe la Zambia ndi Zimbabwe limene linakhazikitsidwa mu 1987. Chaka chilichonse limagawa mofanana madzi opangira magetsi pakati pa makina a tsidya la kumpoto ndi a tsidya la kumwera. Mu Novembala 2022 bungweli linalembera kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe kuti yamaliza gawo lake la chaka chimenecho ndipo iimitse makina. Mapeto ake magetsi opangidwa tsidya limenelo anachepetsedwa kwambiri, ndipo anthu a ku Harare ndi ku Bulawayo anakhala mumdima maola ambiri pa tsiku. Inali nkhani yowawa. Koma taonani chimene chinachitika: bungwe la mayiko awiri linauza mmodzi mwa eni ake kuti basi, ndipo mawu ake anamveka popanda msilikali. Lamulo limene onse anavomera madzi ali ambiri ndi limene linawagwira dzanja madzi atachepa. Tikamaphunzira kuti mtendere umafuna mabungwe olungama, chitsanzo chake china ndi chimenechi.

Komabe pa matebulo amenewa pamakhala maboma. Msodzi wa ku Marromeu alibe mpando. Mlimi wa ku Elephant Marsh alibe, ndiponso wopalasa mabwato a alendo m'munsi mwa Victoria Falls, amene ntchito yake idzamira ngati damu la Batoka limangidwa. Mu 2000 World Commission on Dams, komiti ya padziko lonse imene inatsogoleredwa ndi Kader Asmal wa ku South Africa, inatulutsa lipoti lake itaunika madamu akuluakulu, la Kariba lili m'gulumo. Inapeza kuti madamu athandiza kwambiri pa chitukuko, komanso kuti anthu pakati pa 40 miliyoni ndi 80 miliyoni anasamutsidwa padziko lonse, ambiri osabwereranso pa moyo wawo wakale. Inalimbikitsa kuti aliyense amene ufulu wake kapena chakudya chake chili pachiswe akhale nawo pokambirana, ndiponso kuti njira zina zopezera magetsi ziunikidwe chigamulo chomanga damu chisanapangidwe.

Masiku ano ntchito iliyonse yaikulu imachititsa misonkhano ya m'midzi. Ambiri a ife tinakhalapo pa msonkhano wotere: galimoto zafika, mapu apachikidwa pa mtengo, wina wafotokoza m'Chingerezi, wina wamasulira mwachidule, mayina alembedwa, zoziziritsa kukhosi zagawidwa. Kodi kumeneko n'kukambirana? Ife Abahá'í tili ndi muyeso wake, chifukwa kukambirana ndi mmene timayendetsera Mabungwe Auzimu, Maphwando a Masiku 19, ngakhale mabanja athu. 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti cholinga cha kukambirana ndi kufufuza choonadi, kuti aliyense anene maganizo ake momasuka ndi mwaulemu, ndi kuti akawanena asawakakamire ngati katundu wake. Kusiyana maganizo sitikuopa, poti n'kumene kumatithandiza kuona mbali zimene tinaziphonya. Tikaika muyeso umenewu pa msonkhano wa damu, mafunso ake ndi osavuta. Kodi anthu aitanidwa chigamulo chisanapangidwe, kapena makontirakiti atasainidwa kale? Kodi auzidwa ndi zoipa zomwe, kapena za ntchito ndi za msewu zokha? Amayi, amene amatunga madzi ndi kulima madimba, alankhula? Ndipo funso lalikulu pa onse: kodi m'pulaniyo muli chilichonse chimene chingasinthe chifukwa cha zimene anthu anena? Ngati khoma silingatsitsidwe ngakhale mita imodzi, ngati nthawi yotulutsa madzi singasinthidwe, ngati malo osamukirako anasankhidwa kale, ndiye kuti anthuwo angodziwitsidwa.

Kukambirana koona kumathandizanso omangawo. Gogo amene akukumbukira mtengo umene madzi anafikapo chaka cha chigumula, kapena msodzi wodziwa mwezi umene nsomba zimakwera kukaswana, ali ndi chidziwitso chimene makina oyezera sanalembe. Ndipo kuganizira a kumunsi kumatha kulowa m'simenti momwe. Pulani ya Mpatamanga ili ndi damu lachiwiri laling'ono kumunsi, loti lizisalaza madzi amene damu lalikulu lizidzatulutsa mwamphamvu pa maola amene magetsi akufunika kwambiri. Akatswiri ena akhalanso akupempha kuti pa Cahora Bassa pazitulutsidwa madzi ochuluka pa nyengo yake, motsanzira kusefukira kwakale, ngakhale kutero kungachepetseko magetsi ogulitsa. Kuvomera kutaya pang'ono koteroko ndi nsembe ya a kumtunda, ndipo n'koyenera kuti nawonso apereke yawo.

Wina m'gulu lathu anganene kuti zonsezi n'zabwino, koma dziko losauka lilibe nthawi. Tikamadikira kuti aliyense avomere sitidzamanga kanthu, ndipo munthu mmodzi wouma mutu adzasunga mamiliyoni mumdima. Mfundoyi ndi yolemera, tisaipeputse. Kukambirana kwathu nako sikufuna kuti nthawi zonse onse avomere. Tikalephera kugwirizana tonse timatsata maganizo a ambiri, ndipo amene anatsutsa amathandiza nawo ndi mtima wonse, kuti ngati chigamulo chinali cholakwika kulakwako kuoneke msanga n'kukonzedwa. Koma munthu amapemphedwa kuthandiza chigamulo chimene anali nawo pochipanga. Sitingapemphe kumvera kotero kwa amene anatsekeredwa kunja. Chinanso, Bungwe Lauzimu likalakwitsa posankha tsiku la msonkhano limasintha mwezi wamawa, pamene damu silibwezeka. Chigwa chikamira chamira. Ngati kukonza pambuyo n'kosatheka, kufufuza tisanayambe kuyenera kukhala kozama koposa. Zaka ziwiri zokambirana zimaoneka zambiri kwa wofulumira, koma za ku Gwembe zikukambidwabe patapita zaka zoposa 60.

Palinso ena amene sangabwere pa msonkhano uliwonse chifukwa sanabadwe. Damu limamangidwa kuti likhale mibadwo ingapo, ndipo ngongole yake idzabwezedwa ndi ana amene lero ali ku sukulu ya mkaka. M'chikalata cha 1995 chotchedwa The Prosperity of Humankind, Bahá'í International Community inafotokoza kuti mtundu wonse wa anthu uli ndi udindo wosamalira munthu aliyense wobadwa, monga mmene timasamalira chinthu chimene tasungitsidwa. Ife tikuona kuti mtsinje nawo tinasungitsidwa, ndipo msungi amafunsa za mawa. Kodi mvula imene pulaniyo ikudalira idzakhalapo? Chilala cha 2024 chinatsitsa nyanja ya Kariba mpaka Zambia inatsala ndi makina amodzi okha mwa 6 a tsidya lake, ndipo m'madera ambiri magetsi ankayaka maola atatu pa tsiku. Kwathu kuno mbiri imatikumbutsa kuti kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti madzi anasiya kutulukira mu Shire. Madzi ochuluka nawo amaononga: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ndipo khoma limakalamba. Pa Kariba madzi otuluka pa zitseko anakumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 m'munsi mwa khoma, ndipo ntchito yokonza dzenjelo ndi zitsekozo inaikidwa pa madola 294 miliyoni. Msungi wanzeru sasenzetsa mtsinje katundu yense. Magetsi a dzuwa, monga a ku Salima a mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021, komanso nthambo zolumikiza mayiko kuti wosowa agule kwa amene ali nawo, ndi zina mwa njira zoupeputsira.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya nduna ndi mabanki, koma ife tili m'kati mwake. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, chotchinga cha zitseko chomangidwa mu 1965, chimene chimalamulira madzi ochoka m'nyanja kutsikira ku Shire. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mphepete mwake. A kumtunda anadandaula kuti zitseko zitsegulidwe kwambiri. Oyang'anira madzi anayankha kuti kutero kungamize midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, n'kuikanso pangozi makina a magetsi. Onsewo ndi Amalawi, ndipo mwina m'gulu lino muli wa ku Mangochi ndi wa ku Nsanje atakhala pa mkeka umodzi. Ngati kumvana kunavuta m'dziko limodzi, tikutha kuona kulemera kwa ntchito ya mayiko 8.

Ndipo aliyense wa ife ali kumtunda kwa wina wake. Matope amene amadzaza dziwe la Nkula, mpaka kumafunika makina owachotsa, ndi nthaka ya minda ya ku Ntcheu, Balaka, Neno ndi Blantyre, yokokoloka chifukwa tinadula mitengo n'kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Sitinaitanitse msonkhano kufunsa a kumunsi. N'zoona kuti ambiri timachita zimenezi chifukwa malo ndi ochepa ndipo ana ayenera kudya. Omanga Kariba nawonso anali ndi zifukwa zawo.

Tisanakumanenso, tiyeni aliyense afufuze dzina la mtsinje umene uli pafupi ndi kwawo, kumene ukuchokera ndi kumene ukukathira. Ngati n'kotheka acheze ndi banja limodzi la kumunsi kwake, afunse mmene madzi asinthira m'zaka 10 zapitazi ndi chimene banjalo likuganiza kuti chachititsa. Achinyamata a m'magulu athu angathandize kujambula mapu ake. Pokumana tidzayambe ndi zimene tamva kwa mabanjawo, kenako tidzakambirane funso ili: munda woti umire ukanakhala wathu, tikanafuna kuuzidwa chiyani, liti, ndiponso ndi ndani, kuti tithe kuvomera ndi mtima wonse?